Khutu la Che Idrisa

Ku Kachulu, pamene msewu wochokera ku Zomba umathera m'madzi a nyanja ya Chilwa, pali kashedi ka malata moyang'anana ndi pokwerera maboti. M'menemo ndi m'mene Che Idrisa Saiti akhala akukonzera mawailesi kwa zaka zoposa makumi awiri. Ine ndine Lloyd Namakhwa, mphunzitsi wa pulayimale kuno kwa Mwambo, ndipo bambo amenewa ndawadziwa chibwerereni kudzayamba ntchito. Ndikulemba za iwo chifukwa pa zimene zinawachitikira, dzanja langa nalonso lilipo.

Che Idrisa anabadwira pachilumba cha Chisi, ndipo sukulu analekeza Sitandade 5. Atangosinkhuka anapeza ntchito pa boti la injini loyenda pakati pa Chisi ndi Kachulu. Malo awo anali kumbuyo, pambali penipeni pa injiniyo: kuiliza, kuithira mafuta, kukapa madzi. Anakhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi, ulendo wopita ndi wobwera tsiku lililonse. Anzawo a nthawi imeneyo amanena kuti injini ikangosintha kaliridwe pang'ono, iwo ankaneneratu chimene chavuta asanaitsegule n'komwe, ndipo akatsegula ankapeza zomwezo.

Nyanja itaphwa mu 1995, maboti anangoti mbwee pamatope ong'aluka, anthu n'kumapita ku Chisi pa njinga. Ntchito inathera pomwepo. Che Idrisa anapita ku Zomba kwa atsibweni awo amene ankakonza mawailesi mumsika, n'kukhala nawo zaka ziwiri. Madzi atabwerera, iwonso anabwerera, koma pa boti sanakwerenso ngati wantchito. Anabwera ndi kabokosi ka zipangizo ndi kachitsulo kowotcherera mawaya kamene ankakatenthetsa pa mbaula. Anakwatira Abiti Latifu, mayi wofatsa wa kumtunda kuno, n'kumanga kashedi kaja.

Anayamba ndi mawailesi a makaseti. Kenako kunabwera ma CD, kenako mamemole. Masola atafika m'midzi, aliyense amene wagulitsa bwino mpunga kapena matemba ankafuna homu thiyeta: chibokosi chachikulu chogunda chimene timati wufa, ndi timasipika tating'ono toika m'makona a chipinda. Katunduyu ankabwera wambiri, wina wabwino, wina wongowala kunja, ndipo m'shopu zonse zimalira mokoma kwa munthu amene mtima wake wafuna kale. Anthu ambiri analira atagula zinthu zimene zinkafa mvula isanagwe kawiri. Ndiye kunabadwa chizolowezi chakuti usanatulutse ndalama, katenge kaye Che Idrisa akamvere.

Sankalipiritsa ntchito imeneyi. Ukawagulira tiyi ndi sikono, basi. Anali ndi kachitidwe kawo kosasintha. Poyamba ankanyamula wufa m'manja kuti amve kulemera kwake, chifukwa ankati maginito opepuka sanena zoona. Kenako ankagogoda bokosilo ndi chala kuti adziwe ngati ndi thabwa lenileni kapena utuchi wopanikiza. Akatero ankatulutsa memole yawo imene ankaisunga m'kabotolo ka mankhwala. Nyimbo za ogulitsa sankazifuna. M'memole yawomo munali zinthu zitatu zimene anajambula okha: ng'oma za tchopa, mwamuna akulankhula pa msonkhano, ndi Abiti Latifu akupeta mpunga pakhonde.

Chachitatuchi n'chimene anthu ankachiseka, koma n'chimene iwo ankachidalira.

"Kugunda si nkhani," ankatero. "Ngakhale mgolo umagunda. Koma sipika itulutse ka tsetsetse ka mankhusu akuchoka pa lichero, imeneyo ndiye yakwana mtengo wake."

Ndipo ankalondola. Kwaya ya kutchalitchi kwathu anailetsa kugula masipika amene aliyense anawakonda, ife n'kumanyinyirika. Mpingo wina utagula omwewo, anapsa pa Khirisimasi. Ogulitsa ena ankati akawaona akubwera ndi kasitomala, ankatsitsa okha mtengo asanafunsidwe. Sindinamvepo kuti analandira kanthu kwa wogulitsa kuti ayamikire katundu, ndipo alipo amene anayesa kuwapatsa.

Angella Nakoma anali wa kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala. Mwamuna wake anapita ku Joni, n'kusiya kuimba foni patatha chaka. Anatsala ndi ana awiri ndi mapuloti awiri a mpunga. Mayi ameneyu anali wamutu. Kwa zaka ziwiri sankagulitsa mpunga pokolola pamene mavenda amagula motchipa, koma ankausunga mpaka mtengo utakwera, iye ndi ana akudya zochepa. Mu 2022 anakwera basi kupita ku Limbe, n'kubwera ndi mahomu thiyeta anayi a mtundu umodzi. Anachita lendi kachipinda pamsika wa pa Jali, n'kulembetsa dzina lake pamwamba pa chitseko ndi penti yobiriwira. Pamalo ponsepo panalibe mkazi wina wogulitsa zinthu zotere.

Mtengo wake unali K190,000 imodzi, pamene m'mashopu ena pa Jali pomwepo unkapeza za K120,000. Anthu akamufunsa, ankayankha kuti ku Limbe anayenda masiku awiri akumvera, ndipo anasankha zimene zingakhalitse, osati zotchipa.

Chaka chimenecho ine ndi mkazi wanga Brenda tinali titangoika sola. Ndinalowa m'shopu mwa Angella kawiri, ndipo kawiri konseko ndinatuluka mtima utatsala momwemo. Koma ndalama imeneyo kwa mphunzitsi si yamasewera. Brenda anati, "Musayerekeze kugula Che Idrisa asanamve." Tsiku la msika ndinapita kukawatenga, tinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka pa Jali.

Tinafika cha m'ma teni, dzuwa litayamba kuswa. Anthu atangoona Che Idrisa akulowa m'shopu mwa Angella, anasonkhana pakhomo, chifukwa kuyesa kwawo kunali ngati chionetsero. Angella anawapatsa mpando, n'kuwagwadira powapatsa moni.

"Mwandilemekeza, bambo. Yesani mmene mumayeseramo."

Ananyamula wufa, n'kugwedeza mutu movomereza. Anagogoda, n'kunena kuti, "Thabwa." Angella anamwetulira. Analowetsa memole. Ng'oma za tchopa zinadzaza kachipindako mpaka ndinazimva m'chifuwa, koma malata sananjenjemere ndipo bokosi silinachite phokoso lachabe. Mwamuna wa pa msonkhano uja analankhula ngati waima pakati pathu. Che Idrisa anati, "Eya, pitirizani," ngati akuuza makinawo.

Kenako kunabwera mpunga.

Ndinene pano mosabisa: ine ndinamva. Ndinamva lichero likuti phu, phu, ndipo pamwamba pake ndinamva mpunga ukugwa ngati mvula yowaza, ndi mankhusu akuuluka, ka tsetsetse kaja koyera bwino. Mayi wina amene anaima pakhomo anachita kusuzumira kuseri kwa kauntala kuti aone ngati kuli munthu akupeta.

Che Idrisa anakwinya nkhope. Anakweza voliyumu. Anadzuka pampando, n'kuika khutu pa kasipika kamodzi, kenako pa kena. Anabwereza kachiwiri.

"Matwita ake ndi akufa," anatero. Twita ndi kasipika kam'kati kamene kamatulutsa mawu opyapyala. "Kapena mwina mulibemo n'komwe. Lichero likumveka, mpunga palibe."

Angella anayang'ana iwo, n'kuyang'ana sipika. "Bambo, koma zikumvekatu."

"Mwana wanga, katundu ndi wako. Ukumva zimene mtima wako ukufuna. Tatsegula ina."

Angella anang'amba katoni yachiwiri, n'kulumikiza mawaya. Mpunga unagwanso chimodzimodzi, koyera. Che Idrisa anapukusa mutu.

"Zonsezi ndi za mimba imodzi. Sindikunena kuti ndiwe wakuba, ayi. Akupusitsa ku Limbe. Chinthu ichi chili ndi mimba yabwino koma chilibe mano. Theka la mtengo umenewu, mwina."

Pamenepo Angella anatembenukira kwa ine. Maso ake ndimawakumbukirabe.

"Aphunzitsi, inu simukumva?"

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinaganiza kuti mwina chimene ndikumva si chimene Che Idrisa amafuna, kuti pali kena kobisika kamene khutu la mphunzitsi silingagwire. Ndinaganizanso kuti ndine amene ndawabweretsa bambowa, ndiye ndiwatsutse bwanji pagulu, munthu wamkulu, pa ntchito yawo? Zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga mwachangu, ndipo chimene chinatuluka pakamwa n'chakuti:

"Ine za masipika sindizidziwa, mayi."

Palibenso wina amene anayankhula. Ndikhulupirira ambiri pakhomo paja anamva zomwe ndinamva, ndipo aliyense anadzikayikira yekha. Che Idrisa anabweza memole m'kabotolo, n'kumuuza Angella mokoma mtima kuti ulendo wina akafuna kukaoda adzawatenge, adzamuperekeza ulere.

Tsiku lomwelo anandilowetsa m'shopu ina, n'kundisankhira homu thiyeta ya K125,000. Mpunga utalira pamenepo, ine ndinamva ngati munthu akukwecha poto ndi supuni. Iwo nkhope inawala. "Mwamva, aphunzitsi? Amenewo ndiye mano." Ndinalipira. Kunyumba Brenda anaimvera masiku atatu, n'kunena kuti imamubaya m'makutu, ndipo kuyambira pamenepo tinkaiyatsa motsitsa kwambiri.

Mawu akuti za Angella zilibe matwita anafika ku Kachulu ife tisanafike. Anthu amene sankadziwa n'komwe kuti twita n'chiyani ankanena molimba mtima. Ena anawonjezera zawo, kuti mkazi angadziwe chiyani za mawaya. Miyezi inayi inatha osagulitsa ngakhale imodzi. Ndinkadutsa pa Jali n'kumuona atakhala pakhomo, makatoni ali kumbuyo kwake, ndipo ndinkayenda mbali ina ya msewu. Mvula itayandikira panafunika mbewu ndi aganyu kumunda. Anagulitsa zonse zinayi kwa venda wina wa ku Phalombe pamtengo wosafika n'komwe umene anaodera, n'kubweza makiyi kwa mwini nyumba.

Nkhani ikanathera pomwepo, ndipo ine ndikanaiiwala mwadala, pakanapanda zimene zinachitika chaka chotsatira.

Sipika ya pamwamba pa mzikiti wa ku Kachulu inawonongeka ndi mvula, ndipo monga mwa nthawi zonse anaipereka kwa Che Idrisa. Anaikonza, n'kuikweza okha Lachisanu m'mawa. Nthawi yoitanira anthu ku swala ya masana itakwana, sipika ija inayamba kuliza kamluzu kakuthwa kosalekeza pamwamba pa mawu a woitana. Ine ndinali pa depoti ndikugula nsomba. Amayi ogulitsa anatseka makutu, ana anathawira kuseri kwa nyumba. Woitanayo anayesa kupitiriza, n'kulephera, n'kuzimitsa. Ndipo pansi penipeni pa sipikayo panaima Che Idrisa, manja atapinda pachifuwa, akumwetulira ndi ntchito yawo. Itazima anafunsa amene anali pafupi kuti, "Wazimitsiranji? Batire yatha?"

Anthu anayang'anana. Palibe anaseka.

Zimene zinakambidwa kunyumba kwawo madzulo a tsiku limenelo anandiuza ndi Abiti Latifu patapita nthawi. Anati anawakhazika pansi amuna awo n'kuwauza zonse zimene anazisunga kwa zaka ziwiri. Foni inkalira m'thumba mwawo osaimva. Anapiye ankalira pansi pa mpando wawo mpaka anaponda kamodzi. Nyenje za mwezi wa Okutobala zikamasokosa mumtengo wa mango, iwo ankanena kuti chaka chino nyenje kulibe. Mawu a amuna ankawamva bwino, ng'oma, injini, bingu, zonse. Koma zopyapyala zinkachoka pang'onopang'ono.

"Ndinkaopa," anandiuza mayiwo. "Khutu limenelo ndi limene limatidyetsa. Ndikanawauza bwanji?"

Che Idrisa anakana kaye. Anati maikolofoni ndi imene inali yoipa. Koma patatha sabata anakwera minibasi okha kupita kuchipatala ku tauni. Kumeneko anawaveka zomvera kumakutu, n'kuwauza kuti azikweza dzanja akamva kulira. Anakweza, anakweza, kenako anangokhala kudikira, akuona wachipatala akudina batani koma iwo osamva kanthu. Anawauza kuti makutu onse awiri anataya mawu apamwamba, ndipo sadzabwereranso. Anawafunsa ngati anagwirapo ntchito paphokoso. Iwo anatchula injini ya boti, ndi zaka zonse zoika khutu pa masipika.

Anabwera kusukulu kwathu Lachitatu, ana atangoweruka. Ndinali ndikuchonga makope pansi pa mtengo. Anatsamiritsa njinga, n'kukhala pa benchi osadikira kuti ndiwalonjere mokwanira.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso limodzi. Mundiyankhe ngati mwamuna. Tsiku lija pa Jali, kwa mwana wamkazi uja. Mpunga munaumva?"

Ndinayang'ana makope.

"Ndinaumva, Che Idrisa."

"Bwinobwino?"

"Ngati Abiti Latifu ali m'shopu momwemo."

Anavula chipewa chawo, n'kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinkakulemekezani."

"Ulemu umenewo," anatero motsitsa, "wapha shopu ya munthu." Sananene mokalipa. Kenako anawonjezera, "Koma pakamwa panali panga. Anandiuza yekha kuti zikumveka, ine n'kumuyesa mwana. Mukudziwa kwawo?"

Tinapita Loweruka pa njinga zathu. Unali mwezi wa Meyi, sikimu yonse ili yachikasu, anthu ali kalikiliki kumweta. Tinafunsa kawiri tisanamupeze. Angella anali pa puloti yake akumenya mpunga pa lona, nsalu atamanga kumutu, thukuta lili chuchuchu. Atationa anaima, mtolo uli m'manja. Anatipatsa moni mwaulemu wake wonse, koma sanatiuze kuti tikhale.

Che Idrisa anafotokoza zonse ataimirira pa mzere wa pakati pa mapuloti: za mzikiti, za kuchipatala, za dzanja limene linaleka kukwera. Sanadzichepetsere mlandu.

"Katundu wako anali wabwino, mayi. Mtengo wake unali woyenera. Chakufa chinali khutu langa. Ndabwera kudzapepesa."

Angella anaika mtolo pansi. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinkadziwa kuti anali wabwino," anatero. "Koma mukudziwa, bambo? Pofika mwezi wachitatu nanenso ndinayamba kukayika. Ndinkatseka chitseko, n'kuyatsa, n'kumamvera ndekha, n'kumadzifunsa kuti kodi ndine wopusa? Anthu onsewa akunama? Ndalama ija inandipweteka, koma chimenechi n'chimene chinandipweteka kwambiri."

Kenako anayang'ana ine. "Nanga inu, aphunzitsi, makutu anunso anakawayeza?"

Ndinati pepani, ndipo mawuwo anamveka aang'ono kwambiri pamunda ponsepo.

Che Idrisa anafunsa ngati pali chimene angachite. Anati ali ndi njinga, ali ndi zipangizo zina zimene angagulitse. Angella anapukusa mutu.

"Njinga yanu sindikuifuna. Koma taonani, bambo. Mawu aja munawanena pa Jali, tsiku la msika, anthu atadzaza pakhomo. Pepani wanuyu mwabwera naye kuno kumunda, kumene akumva ndi mbalame zokha."

Atatero anatola mtolo wake n'kupitiriza kumenya.

Pobwerera tinapalasa mpaka pa mlatho. Pamenepo Che Idrisa anatsika njinga n'kunena kuti, "Wanena zoona." Ndinawakumbutsa kuti akanena pagulu, palibe adzawatengenso kukamvera, ndipo mwina ngakhale mawailesi anthu adzaleka kubweretsa. Anati akudziwa. Anati, "Inu mudzabwere. Mudzaime pafupi nane."

Tsiku la msika lotsatira tinaima pakhomo pa kachipinda kaja. Dzina la Angella anali atalifuta kale, mkati muli mnyamata wometa tsitsi. Che Idrisa anaomba m'manja kuti anthu amve, ndipo anasonkhana ndithu, poganiza kuti pali chionetsero china. Anayankhula mokweza, monga amachitira anthu amene sadzimva bwino.

"Ine Idrisa Saiti, chaka chatha pakhomo pano ndinanena kuti mahomu thiyeta a Angella Nakoma ndi akufa. Ndinalakwa. Anali abwino kuposa onse amene ndinawayesapo pa Jali pano. Makutu anga ndi amene anatha, achipatala atsimikiza. Amene ndinakusankhirani katundu zaka ziwiri zapitazi, ngati akukubayani m'makutu, mlandu ndi wanga. Kuyambira lero musanditengenso."

Nanenso ndinanena gawo langa, kuti ndinamva koma ndinakhala chete. Mawu anga anatuluka mwamanyazi, ndipo sindikudziwa ngati akumbuyo anawamva.

Ndinkayembekezera kuti pachitika chinachake, kaya phokoso, kaya mkwiyo. Sipanachitike kanthu. Bambo wina anati, "Aa, ukalamba umenewo, Che Idrisa, musadandaule." Mayi wina anafunsa mnzake kuti Angella wake uti. Wometa uja anapempha kuti tisunthe pang'ono chifukwa tikutchinga makasitomala. Patangopita mphindi zochepa anthu anabalalika kukagula tomato. Bodza lija linayenda mtunda wonse tsiku limodzi, koma kukonza kwake sikunadutse ngakhale mzere wa ogulitsa kaunjika.

Angella sanabwere. Anamva kwa anthu kuti zinachitika, ndipo anatumiza mawu kudzera kwa mlamu wake akuti wamva. Mawu ake anali omwewo basi.

Zimene ndinawachenjeza zinachitikadi, ngakhale osati zonse. Kukamvera masipika kunatheratu. Alipo amene anabwerabe, akuti ngakhale theka la khutu la Che Idrisa likuposa awo awiri, koma iwo ankakana. Ankangowauza kuti anyamule bokosi amve kulemera, agogode, ndipo atenge mkazi wawo kapena mwana wawo wamkulu akamvere limodzi, wina akanena kuti akumva zosiyana asamutseke pakamwa. Mawailesi obwera kudzakonzedwa anachepa. Masiku ano ntchito yawo yambiri ndi ya maso ndi manja: kulumikiza mawaya a sola, kusintha mabatire a matochi a asodzi, kukonza potchajira mafoni. Achipatala anawauza za kachipangizo kovala m'khutu, koma mtengo wake anangoumva n'kubwerera.

Amapemphera, amaseka ndi anthu, ndipo aliyense amawapatsabe ulemu. Koma munthu amene ankalowa m'shopu ogulitsa n'kuimirira, pano amakhala m'kashedi mwake atawerama pa waya, ndipo ukafuna kuti akumve uyenera kuima kutsogolo kwawo. Tsiku lina anandiuza kuti chimene chimawasowetsa mtendere si Angella yekha. Anati sadziwa kuti khutu linayamba liti kunama, ndiye sadziwa kuti ndi angati ena amene anawalakwira, ogulitsa amene anangomeza mawu awo n'kutsitsa mtengo. "Angella yekha ndi amene anandiyankha," anatero, "ndipo ndi amene ndinamupweteka kwambiri."

Homu thiyeta yanga ija inafa isanathe zaka ziwiri. Sindinapite nayo kwa iwo, poopa kuwawonjezera chisoni. Ili pamwamba pa kabati, Brenda amaikapo maluwa apulasitiki.

Venda wa ku Phalombe uja ndinakumana naye mwangozi pa maliro ena. Nditamufunsa za katundu amene anagula kwa mayi wa pa Jali, anaseka n'kunena kuti zitatu anagulitsa sabata imodzi pamtengo wabwino, yachinayi anasunga yekha ndipo ikulirabe mpaka lero. Anandifunsa ngati mayiyo ali ndi zina. Nkhani imeneyi sindinawauze Che Idrisa.

Angella akulimabe. Anawonjezera puloti yachitatu, ndipo mwana wake wamkulu ali ku sekondale. Tikakumana amandipatsa moni, ine n'kuyankha, osapitirira pamenepo. Mwezi wa Novembala wapitawu ndinamupeza pa Jali atakhala pamwamba pa matumba a mpunga mu lole yopita ku Limbe. Ndinalimba mtima n'kuyandikira.

"Mayi Nakoma, ulendo uno mutibweretsera masipika? Mukabweretsa, woyamba kugula ndine, ndipo sinditenga munthu."

Anandiyang'ana kuchokera pamwambapo, osakwiya, osamwetulira.

"Ayi, aphunzitsi. Ndikukagula feteleza."

Dalaivala analiza injini, lole n'kunyamuka.